Kampeni kam'thumba kapena chimpeni chakuda chija, inu mumayenda ndi uti?

Kachewere_Ulongue:
Moni nonse a pagulu pano. Ine ntchito yanga ndi yopikula mbatata ya kachewere kuno ku Angónia ndi ku Tsangano nkumakagulitsa ku Tete, ndiye mpeni sindichoka pakhomo ndilibe, tsiku lonse ndi kudula zingwe za matumba, kucheka mbatata pakati kuti ndione ngati mkati simunaole, kusenda nzimbe pa ulendo, basi zoterozo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda ndi kampeni kopinda komwe anandisiyira malemu amalume, chitsulo chake kutalika ngati chala changa chapakatichi. Ndiye mwezi wa June ndili ku Tete ndinaona chimpeni china pa msika, chakuda bii, chotsegula ndi chala chimodzi, chili ndi kopanira pa thumba, mano ngati a sowo cha kumunsi, nsonga yamakona, wogulitsa akuti ndi tactical ya asilikali. Mtima unapita, ndinapereka 1,200 metikali osanenerera nkomwe. Abale ndayenda nacho miyezi itatu, lero chili mu sutikesi. Kulemera, chandibowolera matumba a mathalauza awiri, ndipo mbatata sichicheka ayi, chimachita kuiswa ngati nkhwangwa pa chikuni. Ndabwerera ku kampeni ka amalume. Kodi ndi ine ndekha kapena alipo ena anaona zomwezi? Nanga inu oyenda ndi zimipeni zazikuluzi, mumagwira nazo ntchito yanji kwenikweni tsiku ndi tsiku?

MotaMoatize:
Akulu munagula feki basi, musanyoze mipeni yonse yaikulu chifukwa cha chimodzi chomwe anakupusitsani nacho.

Kachewere_Ulongue:
Mwina ndi feki inde mphwanga, sindikukana. Koma kulemera ndi kukhuthala kwa chitsulo si nkhani ya feki, ngakhale orijino ili choncho.

Magetsi_Songo:
Achimwene a Kachewere simuli nokha. Ine ndimakonza za magetsi m'nyumba za anthu ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi m'thumba mwanga muli Victorinox yofiira ija ya 91 mm, ili ndi timipeni tiwiri, chotsegulira botolo chomwe kumapeto kwake ndi sikuludiraiva, chotsegulira chitini, ndi kachibowolero. Kusenda waya ndimagwiritsa kampeni kakang'onoko chifukwa chala chimakhala pafupi ndi nsonga, umamva kuti apa ndafika pa kopa ndisapitirire. Tayesani kusenda waya wa 1.5 ndi chimpeni cha masentimita 10, mudula ndi kopa yemwe. Mipeni imeneyi amapanga ku Ibach ku Switzerland, kampani inayamba 1884, ndipo taganizani, mpeni womwe dziko lonse limautchula kuti wa asilikali ndi kakang'ono kokhala ndi chotsegulira chitini, chifukwa msilikali naye tsiku lonse amafuna kudya ndi kumasula zomangira, osati kubaya anthu ndi mpeni wopinda.

MotaMoatize:
Inu mumagwira ntchito masana m'nyumba za anthu. Ine ndimanyamula anthu pa njinga yamoto mpaka 11 koloko usiku, nthawi zina kasitomala amakuuza tipite uko kuseri kwa njanji kopanda ndi getsi lomwe, anzathu angati alandidwa njinga? Chakudza sichiimba ng'oma. Ine changa chachikulu sindisiya, kampeni kosendera mango kandithandiza chani pamenepo?

Mkulu_wa_Domue:
Mwana wanga wa njinga, mantha akowo ndi oona ndipo palibe angakuseke. Koma tamvera ine ndakulako pang'ono. Okulanda njinga sabwera mmodzi ndipo sakuuza kuti konzeka, wina ali kumbuyo kwako pa mpando pomwepo, manja ako onse awiri ali pa handulo, mpeniwo uutulutsa nthawi yanji? Ndipo ukautulutsa nkukulanda, aubweza pa iwe mwini. Ine zomwe ndinaona ndi maso anga pa mowa wamasese kwathu kuno zaka zapitazo, anyamata awiri a pachibale anakangana za ngongole yosakwana ndi mtengo wa nkhuku, mmodzi anali ndi chimpeni pa lamba, pakanakhala palibe chimpenicho akanangomenyana makofi mawa nkupepesana kwa amfumu, koma tinanyamula maliro ndipo winayo anakakalambira kundende, mayi awo anali pachibale, mudzi unagawanika mpaka lero. Chitsulo chomwe wachinyamula ndi mtima woti ndidzabaya nacho munthu chimadikira tsiku lomwe wakwiya, sichidikira wakuba. Kana maulendo okayikitsa usiku, muziyenda awiriawiri, uzimuuza mnzako komwe walowera. Njinga ina udzagula.

MotaMoatize:
Ndamva agogo, sindikutsutsa. Koma njingayo ndi ya ngongole, si yophweka choncho.

MayiWaTomato:
Ndiloleni nane ndiyankhule ngati mzimayi chifukwa abambo izi simuziona. Tsiku lina ndikuchokera ku Ulongue pa shapa, minibasi zathu zija, tapanikizana ngati nthawi zonse, mnyamata wina pafupi nane wagula malalanje pa windo, ndiye anangotulutsa chimpeni chakuda nkuchitsegula ndi chala chimodzi kuti thwa! Galimoto yonse zii. Mayi wina anachita kumukoka mwana wake nkumubisa mu chitenje, ine mtima unagunda mpaka kukhosi. Mnyamatayo analibe choipa chilichonse, amangofuna kusenda lalanje, koma tinayenda mpaka ku Moatize palibe anamuyankhulitsa. Pomwe abambo akulu akatulutsa kampeni kawo kakale, nkukatsegula ndi chikhadabo pang'onopang'ono, palibe amatembenuka, mwinanso umawapempha kuti agogo tandibwerekeniko ndidulire mwana nzimbe. Ine pa benchi yanga ndili ndi kampeni ka chigwiriro cha pulasitiki kodulira kabichi, ndikomweko ndimasendera, ndikomweko ndimadulira chingwe, ndipo makasitomala sathawa.

Kachewere_Ulongue:
Amayi mwanena zomwe ndimalephera kuzifotokoza. Nane ndinaona kuti alimi ndikamatulutsa chimpeni chija pa munda kuti ndicheke mbatata nkhope zimasintha, kukambirana mtengo kumauma, ngati ndabwera kudzawaopseza. Mayi wina wachikulire ku Tsangano anandifunsa kuti kodi mwayamba usilikali?

WakuJoni_77:
Nonse mukuzungulira koma mpeni ndi Okapi basi. Ine ndakhala ku Joni zaka khumi, kuchokera ku mafamu mpaka ku lokeshoni aliyense amaudziwa. Unayambira ku Germany, ku Solingen, chaka cha 1902, kenako 1988 anasamutsira fakitale ku South Africa. Uja wa kamphete kumsana, ukautsegula umalira kuti kr-r-r, potseka umakoka kampheteko, pa chigwiriro pali kamwezi ndi nyenyezi. Ndipo apa ndi pomwe ndikusiyana nanu a Kachewere, Okapi wamkuluyo chitsulo chake chimafika cha m'ma masentimita 10, si kampeni ayi, koma ndi wopepuka, wopyapyala, m'thumba sumuumva, mbatata amacheka bwinobwino. Ndiye vuto si kutalika, vuto ndi zimipeni zonenepazi zomwe anazipanga kuti zizioneka zoopsa pa chithunzi.

MayiWaTomato:
Okapi yemweyo si amene amatchuka ndi atsotsi kumeneko?

WakuJoni_77:
Zoona achemwali, mbiri imeneyo ali nayo, sindingabise, ndipo ku Joni ukapezeka naye m'thumba usiku mu tauni umafunsidwa mafunso. Koma ku mafamu ndi mpeni wa m'busa ndi mlimi. Alipo ang'onoang'ono opanda loko, kachitsulo koletsa mpeni kupindika ukautsegula, ndi omwe ine ndimayenda nawo panopa, wamkulu amakhala kunyumba.

Fundi_Furancungo:
A WakuJoni agunda penipeni, ndiwonjezereko chifukwa ndimasula zitsulo, makasu ndi mipeni yomwe. Mpeni sucheka ndi kuthwa kokha. Kukamwa kumayamba njira, koma thupi lonse la chitsulo liyenera kudutsa m'njira imeneyo. Zimipeni za tactical zambiri msana wake ndi mamilimita 3 kapena 4, ndiye ukalowetsa mu mbatata, mu chinangwa, mu anyezi, chimakhala ngati nkhwangwa yowazira nkhuni, chimakankhira mbali zonse ziwiri mpaka chinthucho chimasweka chokha, ndi zomwe a Kachewere anaona. Kampeni ngati Opinel wa ku France msana wake sufika ndi mamilimita 2 omwe, ndiye ngakhale katabunthako pang'ono kamadutsabe. Anachikhuthalitsa dala kuti chisathyoke munthu akamabaya kapena kutegula nacho zinthu, koma ndani mwa ife amabaya chitseko cha galimoto tsiku ndi tsiku? Chachiwiri mano aja a sowo. Pa chingwe chokhuthala amathandiza inde ali atsopano, koma akabuntha pa mwala wathu wafulati sunganole, pamafunika katupa kozungulira kolowa dzino lililonse, ndipo amakhala cha kumunsi pafupi ndi chigwiriro, pomwe ndi pamalo pomwe munthu umasemera ndi kusongolera. Chachitatu nsonga yamakona ija, amati tanto, ili ndi kukamwa kuwiri kokumana pa kona, ponola uyenera kunola padera padera apo ayi kona imafufutika, ndipo ilibe mimba yokhota yosendera chikopa. Anthu amandibweretsera kuti ndiwakonzere, ndikatsegula ndimapeza kasikuluwu kapakati kamasuka, chitsulo chikugwedera, ndipo kasikuluwuko nkofuna sikuludiraiva ya nyenyezi yomwe kuno kumudzi simungaipeze. Fumbi lathuli likalowa mkati zimayamba kulira mchenga. Kampeni ka chitsulo chimodzi ndi msomali umodzi kakagwedera ndimangogogoda msomaliwo ndi hamala kawiri, nkhani yatha.

Kanyenya_Matundo:
Zonsezi ndi zabwino koma bweretsani kampeni kanuko mudzaphe nako mbuzi kuno tione. Ine ndimapha mbuzi ziwiri tsiku lililonse.

Fundi_Furancungo:
Nanga mumaphera chimpeni chopinda achimwene?

Kanyenya_Matundo:
Ayi, wosapinda, wa chigwiriro cha mtengo, wopinda magazi ndi mafuta zimalowa mkati mawa lake kununkha, sungatsuke bwino. Koma ndikungonena kuti mpeni waukulu uli ndi ntchito yake.

Mkulu_wa_Domue:
Palibe akukana zimenezo. Kale bambo anga anali ndi chikwanje cha kutchire, nkhwangwa ya nkhuni, mpeni wophera ziweto womwe unkakhala pa tsindwi ana osaukhudza, ndi kampeni kam'thumba kosemera mipini, kung'ambira nsungwi za malichero, kukonzera misampha ya mbewa. Chilichonse pamalo pake. Chimpeni chopindachi chikufuna kukhala zonse, ndiye pa chikwanje chimachepa, pa kampeni chimakula.

Dalaivala_Zobue:
A Kanyenya pepani ndipatuke pang'ono, mbuzi panopa mukugula bwanji? Ndikufuna imodzi ya chinkhoswe cha mlongo wanga mwezi wamawa, ndimaganiza zokagula cha ku Changara pobwera kuchokera ku Cuchamano, akuti kumeneko nzotsikako.

Kanyenya_Matundo:
Kumeneko ndiye kwawo kwa mbuzi, zimadya masau ndi malambe nchifukwa nyama yake imakoma kusiyana ndi za kumapiri kwanuko. Koma musagule pa msewu mutaimika thiraki, akakuonani ndi galimoto mtengo umakwera. Ndiimbireni ku inbox ndikulumikizeni ndi munthu.

Mlimi_Tsangano:
Za kumapiri kwathu zili ndi vuto lanji? Mbuzi zathu zimanenepa ndi msipu weniweni, zanuzo nzowonda ndi dzuwa.

Kanyenya_Matundo:
Kunenepa ndi kwina kukoma ndi kwina akulu, mbuzi ya ku Tete imatchuka mpaka ku Maputo, funsani aliyense.

Magetsi_Songo:
Abale tabwererani ku mipeni, za mbuzi tsegulani nkhani yake.

Dalaivala_Zobue:
Pepani pepani. Kuti ndilipire mlandu ndinene zanga. Ine ndimayendetsa thiraki, Beira, Tete, kudutsa Zóbuè kulowa Malawi, nthawi zina Cassacatiza kupita ku Zambia, ndiye pa mwezi ndimadutsa zipata ndi malo osechedwa osawerengeka. Ndinali nacho chimpeni chotere, chabwino ndithu osati cha pa msika, anandipatsa mnzanga wa ku Durban. Tsiku lina ndikukatsitsa katundu pa kampani ina ku Moatize mlonda wa pa geti anachiona chapanidwa pa thumba, chifukwa kopanira kaja kamaonekera kunja, anati ichi sicholowa nacho musiye pano mudzatenga potuluka. Potuluka ndinapeza asinthana, wina uja wapita, watsopanoyo akuti sakudziwa kanthu, m'buku simunalembedwe. Chinapita choncho. Kuchokera pamenepo ndili ndi ka Victorinox kakang'ono kwambiri ka 58 mm pa makiyi, kolemera magalamu 21 okha, kali ndi kampeni, kasizasi ndi kopalira zikhadabo, ndipo mu bokosi la zitsulo muli mpeni wina wodulira zingwe za tenti. Palibe anandifunsapo za kakang'onoko. Kupatula pa ndege, kumeneko musayerekeze, ngakhale kakang'ono ikani mu chikwama chopita pansi, mlamu wanga anakasiya pa Chingodzi akupita ku Maputo. Ndipo ku UK lamulo lawo limalola kuyenda ndi mpeni wopinda wopanda loko wosapitirira mainchesi 3, ndiye kuti masentimita 7.6, woposa apo uyenera kukhala ndi chifukwa chomveka. Mukaona muyezo umenewo ndi womwewo wa timipeni ta agogo athu.

MotaMoatize:
Wopanda loko ndiye woopsa kwa mwini wake. Onani chala changa cha mkombaphala ichi chili ndi chipsera mpaka lero, ndimabowola lamba ndi kampeni kotero kanangopindika nkunditsekera pa chala, magazi ngati ndapha nkhuku, masabata awiri osagwira buleki bwino. Chachikulu chili ndi loko sichingandichite zimenezo.

Fundi_Furancungo:
Pamenepo mphwanga ukunena zoona ndipo anthu azimva, kampeni kopanda loko si kobowolera kapena kubayira, mphamvu izipita kukamwa kokha, ukakankha ndi nsonga kamatseka. Pobowola tenga msomali kapena kachibowolero ngati ka a Magetsi. Koma usakhulupirire kwambiri loko wa zimipeni zotchipazi, ndi kachitsulo kopyapyala kamkati kongogwira pang'ono pa tsinde, kakadyeka kamaterereka, ndipo poti munthu umadalira kuti chili ndi loko umakankha ndi mphamvu zonse, chikatseka ndi kulemera kwakeko sichisiya chipsera chokha, chimadula mtsempha. Yesa chonchi, tsegula, zala uchotse m'njira, ugogode msana wake pa thabwa pang'ono, chikatseka chitaye. Ngati ukufuna kakang'ono kokhala ndi loko, Opinel kuyambira nambala 6 kupita m'mwamba ali ndi kamphete kozungulitsa pakhosi, anakayamba 1955, palibe sipuling'i yoti ithyoke.

Mlimi_Tsangano:
Opinel ndili naye nambala 8, chitsulo masentimita 8.5, anandipatsa mlangizi wina wa zaulimi zaka zapitazo, ndi amene ndimamezanitsira mapichesi ndi mango. Ntchito imeneyi ndi yomwe ingakuonetseni kusiyana kwake. Kanthambi kokula ngati pensulo uyenera kukasema kamodzi kokha, mpeni kuukoka ulendo umodzi, podulapo pakhale see ngati galasi kuti khungu la uku ndi la uku zigwirane, ukabwereza kawiri katatu pamakhala mabampu, mphepo imalowa, sizigwira. Mnyamata wanga anayesa ndi chimpeni chake chakuda, mwa mitengo khumi inagwira iwiri, kanthambi kamachita kuphwanyika. Vuto la Opinel kuno kwathu ndi chinyontho, chigwiriro ndi cha mtengo ndiye nthawi ya mvula kapena ya chiperoni chimafufuma, mpeni umakana kutseguka mpaka chikhadabo kuthyoka. Mankhwala ake umagwira cha kukhosi nkugogoda kumapeto kwa chigwiriro pa mtengo, chitsulo chimatulukako pang'ono nkuchikoka. Inu a ku Tete kotentha vuto limeneli simungalione.

Magetsi_Songo:
Ife lathu ndi thukuta. October ikafika kutentha kupitirira madigiri 40, wavala kathalauza kopepuka, chimpeni cha magalamu 200 chimakoka thumba mpaka lamba kupendekeka, ndipo chitsulo cha kaboni ngati cha Okapi chimachita dzimbiri m'thumba momwemo tsiku limodzi.

WakuJoni_77:
Kupukuta basi ndi kadontho ka mafuta ophikira. Ndipo kuda kuja komwe kumabwera ukasenda mango kapena ndimu si dzimbiri, musakupale, kumateteza. Dzimbiri ndi lofiira lokhalokha.

MayiWaTomato:
Nanga kunola abale, ine ndimapereka kwa anyamata a gilayinda pa msika koma mpeni ukutha msanga, watsala ngati singano.

Fundi_Furancungo:
Amayi lekani zimenezo, gilayinda imadya chitsulo ndipo imachiwotcha, mukaona kukamwa kwasanduka kobiriwira ngati khosi la nkhunda dziwani kuti pamenepo pafewa, sipadzasunganso kuthwa. Pezani mwala wosalala wa kumtsinje, muthire madzi, mpeni muugoneke nkudzutsa msana pang'ono chabe, mukoke mbali imodzi mpaka chala chimve kakhambi kumbali inayo, mutembenuze muchite chimodzimodzi, pomaliza mupukutire pa lamba wachikopa mukukokera chakumsana. Mwala mulibe, tembenuzani kapu yadothi ija ya tiyi, kunsi kuli kamzere kosapakidwa kokhakhala, kamanola bwino kwambiri timipeni ting'onoting'ono. Apanso kakang'ono kapambana, mphindi ziwiri katha, chitsulo chochepa chochotsa.

Mkulu_wa_Domue:
Kathu kunyumba mwala wake uli pansi pa nkhokwe kuyambira nthawi ya bambo anga, pakati unachita kulowa ngati mtondo. Pa nkhondo tinathawira ku Dedza, tinabwerako itatha 1992 nyumba zonse zitapsa, koma mwalawo tinaupeza pomwepo, ndipo kampeni ka bambo kanapita nafe nkubwera nafe m'thumba la jekete, ndi komwe tinkasemera zipande ndi mithiko ku kampu. Panopa chitsulo chatsala theka ndi kunola, ndimakasunga kuti ndidzampatse mdzukulu wanga akamaliza sukulu.

Kachewere_Ulongue:
Agogo mwandikumbutsa amalume, nawonso kawo kanadutsa ku Malawi nthawi yomweyo, pa chigwiriro pali pomwe anamanga ndi waya wa kopa chitasweka ndipo sindinasinthe. Zikomo nonse. Chimpeni chija ndachiyesa momwe anenera a Fundi, ndagogoda msana pa thabwa kachitatu chatseka, ndiye sindimpatsanso mnyamata wanga monga ndimaganizira. A Mlimi_Tsangano ndikubwera kumeneko Lachinayi kudzatenga mbatata, mundionetseko kumezanitsa kuja, ndili ndi mango awiri pakhomo osabereka bwino.

Mlimi_Tsangano:
Bwerani m'mawa dzuwa lisanakwere, mutenge ndi kampeni ka amalumeko tidzakanole konkuno. Mubweretse mapepala apulasitiki oyera aja a shuga, ndi omwe timadula timizere tomangira.

MotaMoatize:
Changa ndayesa sichinatseke, ndiye ndi chabwino. Koma ndachichotsa pa thumba ndachiika pansi pa mpando limodzi ndi masipanala, za shapa zomwe anena amayi zandikhudza, mwina makasitomala ena amandilambalala pa siteji chifukwa cha chomwechi. A WakuJoni, Okapi wamng'ono uja amapezeka kuno ku Tete kapena mpaka wina abwere naye kuchokera ku Joni?

WakuJoni_77:
Amapezeka apo ndi apo kwa ogulitsa za hadiweya koma ofanizira ndi ambiri, uyang'ane pa tsinde la chitsulo palembedwe Okapi ndi South Africa, ndipo utsegule utseke kangapo usanapereke ndalama. Watsopano amabwera wosathwa bwino, usadabwe, ukafika naye kunyumba uyambe wamunola. Ukalephera kupeza undiuze, mphwanga akubwera pa Khirisimasi ndimutuma atenge awiri.